Zilembo Zitatu za a Sufiyani

Ku Chia mwana amadziwa kusambira asanadziwe kumanga lamba wa kabudula, koma a Sufiyani anakula mpaka kumera imvi osaponda madzi opitirira m'mawondo. Anabadwira pomwepo, m'nyumba yoyang'ana kunyanja. Bambo awo anali msodzi, agogo awo msodzi, amalume awo onse asodzi, ndipo iwo okha ndiwo anatuluka ngati kamwanapiye m'mazira a bakha. Posamba ankatunga madzi pachitsime n'kukabisala nawo kuseri kwa nthochi. Akazi otsuka mbale pagombe akawaona akudutsa chapatali ankawaitana mwachipongwe kuti, "A Sufiyani, lero nyanja yagona, bwerani mudzanyowetseko zala." Iwo ankangoseka nawo, n'kuyankha kuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, kenaka n'kuwonjezera liwiro.

Okalamba amati manthawo anayamba tsiku limene asodzi anavuula mtembo wa amalume awo aang'ono, utakhala m'madzi mpaka nkhope kusadziwika. Sufiyani anali kamwana kogwira chitenje cha amayi ake, ndipo pa chipwirikiticho palibe anakumbuka kumutseka m'maso. Kaya n'zoona kaya n'zopeka za anthu, eni ake sanazikambepo. Chodziwika n'choti bambo ake anayesa zonse, kumunyengerera, kumukwapula, ngakhale kumuponya dala m'madzi kuti aphunzire, koma mwanayo ankangotuluka atauma gwa, maso ali tong'o, osalira n'komwe. Potsiriza anagwa mphwayi n'kumupereka kwa mkulu wina wa ku Linga, a Abdulhamid, amene ankalemba zikwangwani za magolosale ndi maina a maboti.

A Abdulhamid anali ndi thumba la malata ang'onoang'ono, lililonse lobooledwa mooneka chilembo chimodzi. Ukaligoneka pathabwa n'kupakapo penti, chilembo chinkatsala chowongoka bwino, ngakhale dzanja lako litakhala lonjenjemera. Ntchito ya Sufiyani inali kupala matabwa, kusakaniza penti ndi kugwirizira lata kuti lisasunthe. Kusukulu sanapiteko. Anaphunzira kumadrasa kokha, moti Kurani ankaiwerenga mokoma, koma zilembo za kusukulu kwa iye zinali zithunzi chabe. Ankati nthawi ilipo, adzaphunzira mawa. Mawalo lisanafike a Abdulhamid anamwalira. Abale amene sanabwerepo kudzazonda matenda anafika ndi matumba, ndipo anthu ogawana za masiye mukuwadziwa, sasiya ngakhale chitsekero cha botolo. Malata aja anagawana ngati mtedza, wina kukatsekera mauna a makoswe, wina kukapangira koloboyi. Sufiyani anatola atatu amene anatsalira pansi pa mphasa, ma M awiri ndi N mmodzi, n'kubwerera nawo ku Chia.

Woyamba kumupatsa ntchito anali Kingston, mnyamata wa ku Nkhunga amene anadula nzimbe ku Dwangwa zaka zingapo mpaka kukhometsa boti lakelake. Kingston ankafuna mawu a Mulungu kumutu kwa botilo, koma anali asanasankhe kuti mawu ati. Sufiyani thukuta linali kamukamu. Anayala malata ake atatu pamchenga, N pakati, poti ndi momwe ankaonekera bwino, n'kumadikira kutukwanidwa. Kingston anawayang'ana nthawi yaitali, milomo ikusuntha.

"Mulungu Ndi Mwini," anatero. "Achimwene, mwaganiza bwino. Mwafupikitsa, penti siwonongeka."

Chaka chimenecho usipa unachita kumutsata Kingston kulikonse kumene waponya khoka. Tsono msodzi savomera kuti mnzake wapha nsomba chifukwa cha khama. Payenera kukhala kanthu kena basi. Anthu anasuzumira makoka ake, anafufuza ngati pali sing'anga amene amapitako, mapeto ake anagwirizana kuti mwayi uli m'zilembo zija. Aliyense wokhometsa boti anayamba kufuna zomwezo, ndipo pofuna kuti asaoneke wotengera, ankabwera ndi tanthauzo lake m'thumba. Wina amene anaponda ku sekondale anati kwa iye ndi Madzi Ndi Moyo. Wina wovala malaya amodzi chaka chonse anati Mphawi Ndi Munthu, ndipo akamanena ankadziguguda pachifuwa ngati pali amene akumutsutsa. Panali mkulu wina wamitala amene ankauza mkazi wamkulu tanthauzo lina, wamng'ono lina, mpaka anapita kumanda osaulula lenileni. Alendo ogula usipa akafunsa ngati maboti onsewa ndi a kampani imodzi, asodzi ankaseka n'kuyamba kukangana, aliyense kunena kuti tanthauzo loona ndi lake.

A Sufiyani sankatsutsa aliyense. Ankangopempha chinthu chimodzi, kuti boti likokedwe kumtunda ndithu, kumene funde silifika, ndipo ankapaka atafulatira nyanja. Ndi malata omwewo anakwatira, namanga nyumba, nalera ana awiri, Ramadhani ndi mlongo wake Ummy. Akazi awo a Madina anamwalira anawo asanafike pokhala paokha, ndipo kuyambira pamenepo mantha a bambowa anachoka pathupi pawo n'kukakhala pa Ramadhani. Anamupatsa dimba la mpunga. Anamugulira njinga yoti azichita kabaza pamsewu. Anamupezera malo kwa telala wina ku boma. Mwanayo anagulitsa njinga n'kukakhala mlovi, mmodzi mwa anyamata okoka chilimira, khoka lalikulu lija la usipa, m'boti la eni. Magazi a agogo ake anadumpha bambo n'kugwera iye.

Patapita zaka Ramadhani anakhometsa lake, ndipo analikokera kumtunda kuti bambo ake alembe.

"Kwa ine ndi Mako Ndi Mako, Ababa," anatero. "Ndizikumbuka amayi ndikakhala pakati pa nyanja."

"Ukanawakumbukira pamtunda, mwanangu. Manda awo ali pamtunda."

Ramadhani anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. A Sufiyani analemba mtima ukuwawa, chifukwa ankaona kuti akumupereka okha kwa nyanja ndi manja awo.

Ummy nayenso anakwatiwa ndi msodzi, Usman, amene anamanga nyumba pabwalo lomwelo monga achitira akamwini. Tinene zoona, amene ankasamala a Sufiyani anali mkamwiniyu, osati mwana wawo wobala. Ramadhani akapha nsomba ankaiwala kuti ali ndi bambo mpaka m'thumba mutapepuka. Usman sankadutsa pakhomo osasiya kambale ka ndiwo. Ndiye anafolera denga la apongozi ake litayamba kudontha, ndiyenso anawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala malungo atawagwetsa. Anali wanthabwala, wosachedwa kuseka, wosachita manyazi ndi apongozi monga mwambo umafunira, moti ankawaitana Ababa ngati mwana wa m'nyumba. Kwa anzake ankati boti lake ndi Mkazi Ndi Munga, koma Ummy ankadziwa tanthauzo lina limene ankamuuza ali awiri, ndipo anthu akamaseka za munga iye ankangoyang'ana pansi akumwetulira. Penti ya botilo Usman anagula chitini chachikulu, yabuluu, n'kugawirako mlamu wake, choncho maboti awiriwo anali ofanana ngati mapasa.

M'mawa uliwonse akatuluka mumzikiti, a Sufiyani ankakwera pachulu cha kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa, kutali ndi madzi, kudikira kuti maboti awiriwo atulukire. Sankalawa kanthu asanawaone. Anthu anazolowera kuwaona pamenepo, kofia kumutu, manja kumbuyo, ndipo ankati a Sufiyani ndiwo msodzi wotopa kwambiri pa Chia ngakhale sanakwerepo boti.

Mwera wa chaka chimenecho unabwera mwachinyengo. Maboti ananyamuka nyanja ili bata, mphepo inadzuka ali pakati. Kutacha, mafunde anali kugubuduzika mpaka pamathandala, mchenga ukuluma kumaso. Maboti anayamba kufika limodzilimodzi, ena atataya nyali, ena atadula makoka kuti apulumuke, alovi akutsika ali wefuwefu osatha kulankhula. A Sufiyani pachulu paja ankaona zilembo zawo zikutulukira pamwamba pa funde, mtima n'kudumpha, kenaka boti likayandikira n'kuona kuti ndi la wina. Zinachitika choncho kambirimbiri m'mawa umenewo, ndipo anayamba kudana nawo malata aja. Dzuwa linafika paliwombo maboti onse atakwana kupatula awiri, la Ramadhani ndi la Usman.

Mafoni awo sankagwira. Ofuna kukasaka analephera ngakhale kukankha boti, funde linkawabwezera pamchenga. Akazi a alovi a maboti onse awiri anakhala pansi pa mtengo wa mango osalira, pakuti kunyanja salira munthu asanaoneke, amati kulira msanga n'kumuitanira imfa. Ummy anakhala nawo, mwana ali kumsana, maso ali kunyanja. A Sufiyani sankatha kukhala pansi, sankathanso kuima malo amodzi. Akagwira mikanda yawo yopempherera inkawapulumuka m'zala. Anali ndi mantha amene ankawayembekezera moyo wawo wonse, koma kuyembekezerako sikunawachepetse ngakhale pang'ono.

Kunachanso mphepo isanaleke, ndipo uthenga unafika pafoni ya a Kingston, amene tsopano anali nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Mphwawo wa ku Nkhunga anatumiza chithunzi cha thabwa la kumutu kwa boti, lothyoka, litatsakamira pamchenga kutsidya kwa mathiriro a mtsinje wina kumpoto kwa Dwangwa. Thabwalo linali labuluu, lokhala ndi zilembo zoyera zitatu. Foni inayenda m'manja mwa anthu, aliyense akukulitsa chithunzicho ndi zala, koma palibe chimene chinaoneka choposa chimenecho.

"Ndi la ndani?" anafunsa mayi wina amene mwamuna wake anali m'boti la Ramadhani. "Tiuzeni, a Sufiyani. Si inu munalemba?"

"Pagalasipa sindingaone, mama."

"Munalemba maboti onse dzina limodzi ngati mbuzi za khola limodzi. Ndiye lero tilire uti?"

Palibe anamuletsa mayiyo, chifukwa funsolo linali m'kamwa mwa aliyense. A Kingston anawakokera a Sufiyani pambali n'kulankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, thabwalo sabwera nalo kuno. Mwambo mukuudziwa."

Ankaudziwadi. Msodzi sakweza m'bwato mwake chidutswa cha boti lomira, ndiponso salowa nacho m'mudzi, kuopa kuitana tsoka lomwelo. Chimakhala pomwe nyanja yachilavula kufikira eni ake atabwera kudzachizindikira.

"Dzanja lanu mukulidziwa ndinu nokha," anapitiriza a Kingston. "Pitani mukaone. Azimayiwa sangakhale chonchi."

"Mwati kutsidya kwa mtsinje. Pali mlatho?"

"Palibe. Amawolotsa pabwato."

Apo n'kuti Ummy atamasula kale mwana kumsana n'kumupereka kwa mnzake.

"Ndipita nanu, Ababa."

"Khala, mama. Ulendowu si wabwino."

"Uko kuli mwamuna wanga kapena achimwene anga. Ndikhalirenji pano?"

Anakwera minibasi pamsewu waukulu, atapanikizana ndi madengu a nsomba zouma ndi matumba a mpunga. Anadutsa pa boma, anthu akutsika ndi kukwera, kondakitala akukangana ndi aliyense ngati tsiku lina lililonse. Pamlatho wa Bua a Sufiyani anatsinzina monga mwa chizolowezi chawo, ndipo ali chitsinzinire anayesa kupempha dua. Anayamba bwinobwino chamumtima, "Ya Allah, thabwalo lisakhale la..." n'kuima pomwepo. Dzina limene linali kunsonga kwa lilime ankalidziwa. Ankadziwanso kuti akalitchula ndiye kuti apempha kuti mwana wamkazi amene wakhala nawo phewa ndi phewayu akhale wamasiye. Anayesa kupempha kuti likhale la boti lachilendo, la kugombe lina lakutali, koma kunali kudzinamiza, zilembo zija kulibe wina amalemba. Anayesa kupempherera onse awiri mofanana, koma mtima si sikelo, unkangopendekera kumodzi. Anakumbuka denga lija, anakumbuka msana wa Usman ukutuluka thukuta panjira ya kuchipatala, ndipo unapendekerabe komweko. Pamenepo anagwidwa ndi mantha amtundu wina, oopa zimene zinali m'kati mwawo, ndipo anatembenuzira nkhope kuwindo kuti Ummy asazione.

"Usman amadziwa kusambira, Ababa," anatero Ummy, poganiza kuti bambo ake akufuna kulimbikitsidwa. "Ndipo amamangirira zigubu pansi pa mpando. Achimwene nawonso ndi olimba, mukuwadziwa."

"Inshallah."

"Thabwa ndi thabwa. Anthu amapulumuka boti litasweka."

"Inshallah, mama."

Pa Dwangwa anatsika n'kukwera njinga za kabaza, kudutsa m'minda ya nzimbe zimene mphepo inkaziweramitsa zonse mbali imodzi, mpaka anafika kumene msewu umathera mumchenga. Mphwawo wa a Kingston anali kuwadikira pamenepo ndi bambo wina mwini bwato. Mathiriro aja sanali aakulu, munthu wamphamvu akanaponya mwala n'kugwera kutsidya. Koma mafunde a m'nyanja ankalowa n'kumalimbana ndi madzi a mtsinje, moti pakati ponse panali pofiira, pakuwinduka. Bwato lake linali la mtengo umodzi, la kukamwa kopapatiza, lija umakhala pamilomo pake miyendo yokha ili m'kati. Pansi pake panali kale madzi.

A Sufiyani anaima. Anaganiza zobwerera, akanene kuti thabwa analiona koma silinazindikirike, nyanja iulule yokha tsiku limene ifune. Anaganiza zotuma mwini bwatoyo kuti akawaonere, koma akamuuza kuti akaone chiyani, pamene iwo eni sankadziwa chimene akukafuna?

"Agogo, kwerani," anatero mwini bwato. "Mphepo ikukula, tikachedwa sitiwoloka."

Ummy anakwinya chitenje, nalowa m'madzi, nakwera. Kenaka anatambasula dzanja.

"Tsinzinani, Ababa. Ndakugwirani, sindikusiyani."

Momwe anakwerera iwo sakudziwa. Anangomva mchenga ukuchoka pansi, dziko lonse n'kuyamba kupendama. Madzi ankamenya mtengo pansi pa ntchafu zawo, ena ankawathira m'chiuno, ozizira, ndipo fungo la matope ndi ndere linawakwera m'mphuno mpaka kufuna kusanza. Bwato likakwera funde ankaona kuti afa, likatsika ankaona kuti afa ndithu. Anatchula shahada, mawu amene Msilamu amafuna kuti akhale otsiriza m'kamwa mwake, naibwereza mano akugundana. Zikhadabo zawo zinalowa m'mkono wa Ummy mpaka kutulutsa magazi, koma iye sanadandaule, ankangonena kuti, "Tatsala pang'ono, Ababa, tatsala pang'ono." Bwato litagunda mchenga wa kutsidya anatsika chokwawa, nakhala kanthawi atagwira pansi ndi manja onse awiri.

Thabwa lija linali chapatsogolo pang'ono, pamene funde lalikulu linalisiya. Amene analipeza anali atalitsendereza ndi miyala kuti nyanja isalitengenso, ndipo asodzi angapo anaima chapatali osaliyandikira. A Sufiyani anayenda pang'onopang'ono, Ummy ali pambuyo pawo. Anagwada, nachotsa miyala ija, napukuta mchenga ndi mkono wa malaya. M woyamba anali woyera bwino, wopanda chizindikiro chilichonse. Anapukuta N. Kumunsi kwa mwendo wake penti inali itayenderera, ndipo pamenepo panali pofufutika, pooneka chala chachikulu cha munthu.

Chalacho chinali chawo. Tsiku limene ankalemba boti la Usman, mkamwiniyo anawazembera kumbuyo n'kukuwa kuti funde likubwera. Iwo anadzidzimuka ngakhale anali kumtunda kwenikweni, lata linaterereka, penti inayenderera, ndipo anaifufuta ndi chala. Usman anaseka mpaka kugona pamchenga, nakana kuti akonze, ati pakhale pokumbukira. Pa boti la Ramadhani zilembo zonse zinali zowongoka.

Chinthu chimene chinawamanga pachifuwa kuyambira m'mawa wa dzulo lake chinamasuka nthawi imodzi, mpweya unatuluka, ndipo pamodzi ndi mpweyawo panatuluka mawu amene sanawatume.

"Alhamdulillah."

Sanafuule. Kunali kunong'ona chabe, koma Ummy anali ataima pomwepo, dzanja lake lili paphewa pawo. Msilamu aliyense, ngakhale mwana woyamba kumene kumadrasa, amadziwa mawu oyenera kunena ukaona chizindikiro cha imfa, ndipo si amenewo. Amenewo ndi othokoza. Dzanja lija linachoka paphewa pang'onopang'ono. A Sufiyani anakhala chigwadire, maso ali pathabwa, akuopa kutembenuka kuposa momwe anaopera bwato. Ummy sanafunse kuti ndi la ndani. Bambo ake ankawadziwa, ndipo ankadziwa kuti pa anthu awiriwo ndi uti amene angawathokozetse chotero.

"Inna lillahi wa inna ilayhi rajiun," anatero iye, mawu ake osanjenjemera, kunena kuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Asodzi aja chapatali anabwereza mawuwo motsitsa.

"Ummy, mwanangu, ine sindinafune..."

"Tiyeni, Ababa. Anthu akudikira kumudzi."

Powoloka kubwerera anawagwirabe mkono monga analonjezera, koma nkhope anaitembenuzira kunyanja. A Sufiyani anawoloka maso ali otsegula, akuyang'ana mpango wa kumutu kwa mwana wawo, ndipo madzi sanawaone n'komwe. Mu minibasi anakhala phewa ndi phewa monga popita, osalankhulana mpaka ku Chia. Pansi pa mango paja a Sufiyani anatchula dzina la mwini boti, ndipo theka la azimayi linayamba kulira, theka lina linaweramitsa mitu pansi kubisa nkhope.

Mtembo wa Usman unapezeka m'bango mphepo italeka, pamodzi ndi ena mwa alovi ake, ndipo anawaika tsiku lomwelo. Anthu akuchokera kumanda, foni inalira kuchokera kumpoto, cha ku Nkhata Bay. Boti la Ramadhani injini inazima, mwera unawakankhira kutali, koma onse anali moyo. Ummy anali atalowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba osayenda, ndipo pakhomo pake anapachikapo nsalu.

Ramadhani anafika pa lole anthu akadali pabwalo kukhuza maliro. Kumsewu kunamveka nthungululu za akazi a alovi ake, koma atayandikira pakhomopo zinazima zokha. Analowa pabwalo atawonda, milomo itang'ambika ndi dzuwa, akuyenda motsimphina. A Sufiyani anaimirira. Miyendo inkafuna kuthamanga, manja ankafuna kutambasuka, koma anadziwa kuti kuseri kwa nsalu ija kuli maso. Anadzigwira, naumitsa nkhope, napereka dzanja lokha ngati akupatsa moni mlendo wogula usipa.

"Wafika, Ramadhani."

"Ndafika, Ababa," anayankha mwanayo, akudabwa kuzizirako.

Nsalu ya pakhomo inakwezeka pang'ono. Ummy anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenaka anayang'ana bambo ake. Analankhula mofatsa, mopanda mkwiyo, mawu ongokwanira kufika pamene anaima awiriwo.

"Mukumbatireni, Ababa. Musaope ine. Allah anakumvani."

Anatsitsa nsalu ija. Ramadhani anafunsa kuti mlongo wake akunena za chiyani. A Sufiyani anangomugwira mkono mwamphamvu, maso ali pakhomo paja.